Chikomekome cha Mkuyu: Mbiri ya Mkangano wa Eyakoni ndi Waranti ku Wynberg

 Nkhani imene ndabwera nayo ikuoneka yopepuka. Ndi ya makina oziziritsa mpweya m'galimoto, amene ambiri timangowatchula kuti eyakoni. Koma mukaikumba mupeza kuti mizu yake inayala kutali, ndipo ina mwa mizuyo inakhudza makolo athu.

Mu Januwale, pamene kwathu mvula ili pakati koma kuno ku Cape Town dzuwa likuswa mtengo, mwana wa mlongo wanga anafika pakhomo panga nkhope itagwa. Mnyamatayu amayendetsa galimoto yonyamula anthu oitanitsa pafoni. Galimotoyo anaigula pangongole pamalo ena ogulitsira magalimoto oyendapo kale, m'mbali mwa msewu wa Main Road ku Wynberg.

"Amalume," anatero atakhala pansi, "eyakoni yafa, chonsecho uno ndi mwezi wachinayi chigulireni galimoto ija. Kumene ndinagula akuti ndipite kwa eni waranti. Eni waranti akuti gasi ndi kondensa mulibe m'pangano lawo. Anthu amene ndimanyamula akudandaula kutentha, ndipo akundichotsera nyenyezi pafoni. Ndilowere kuti ine?"

Ndinadziwa kulemera kwa funsolo. Pa galimoto imeneyo ndi pamene pamachokera fizi ya alongo ake awiri ku Ntcheu ndi feteleza wa mayi ake. Tinayenda naye m'maofesi kwa milungu ingapo, ndipo madzulo ndinkawerenga za malamulo a dziko lino. Zimene ndinatola m'masiku amenewo ndi zimene ndikuyala pano. Funso lake ndi limodzi, lakale kuposa galimoto: katundu akakoma pamaso koma m'kati muli nyerere, monga mkuyu wa m'mwambi uja, mtolo wa chilemacho asenze ndani, wogula kapena wogulitsa?

Msewu wa ngolo

Wynberg amene ndikunenayu si uja wa ku Johannesburg pafupi ndi Alexandra. Uyu ali kumwera kwa mzinda wa Cape Town, kuseri kwa phiri la Table Mountain. Dzinali limatanthauza phiri la vinyo, ndipo linachokera ku munda umene unaperekedwa kwa Herman Weeckens mu 1683, m'masiku a ulamuliro wa Simon van der Stel. Chimene chinakuza malowa ndi msewu. Nyengo yachisanu mphepo yamkuntho inkaswa zombo padoko la Table Bay, motero zombo zinkakocheza ku Simon's Bay, ndipo anthu ndi katundu ankayenda pangolo pakati pa madoko awiriwa. Wynberg anali panjira imeneyo. Angerezi atagonjetsa Adatchi pankhondo ya ku Muizenberg mu 1795, malowa anasanduka msasa wa asilikali umene ulipobe mpaka lero. Njanji inafika mu 1864, ndipo tawuniyi inadzilamulira yokha kufikira 1927 pamene inaphatikizidwa ku Cape Town.

Choncho kuyambira kale Wynberg ndi malo a zoyendera, ogulitsa zoyendera ndi okonza zoyendera. Lero pali siteshoni ya sitima ndi depoti ya maminibasi pamene abale athu ambiri amasinthira ulendo m'mamawa popita kukagwira ntchito m'minda ya maluwa ndi m'nyumba za ku Constantia ndi ku Hout Bay. Mukatsata Main Road kulowera ku Plumstead ndi ku Diep River muona magalimoto ogulitsa atandandalikidwa, magalaja ndi mashopu a matayala. Chakumtunda pang'ono, mumsewu wa Church Street, pali khoti la majisitireti. Msika ndi bwalo la milandu n'zoyandikana, ndipo lamulo limene limalumikiza ziwirizi linabadwira kutali.

Lamulo la pamsika wa ku Roma

Zaka zoposa 2,000 zapitazo mumzinda wa Roma munali akuluakulu oyang'anira misika otchedwa aediles. Iwo anatopa ndi chinyengo cha pamsika wa akapolo ndi wa ziweto zokoka ngolo, ndipo analamula kuti wogulitsa aziulula poyera nthenda ndi chilema chilichonse cha chimene akugulitsa. Chilema chobisika chikaonekera pambuyo pake, wogula anali ndi njira ziwiri: kubweza katunduyo ndi kulandira ndalama zake pasanathe miyezi 6, kapena kusunga katunduyo ndi kupempha kuti mtengo utsitsidwe pasanathe chaka. Wogulitsa sankapulumuka ponena kuti nayenso sankadziwa. Malamulowa analembedwa m'buku la Digest la mfumu Justinian mu 533. Patapita zaka mazana ambiri, akatswiri a malamulo a ku Holland monga Hugo Grotius anawasakaniza ndi miyambo ya kwawo, ndipo anafika ku Cape ndi Jan van Riebeeck mu 1652. Angerezi atalanda Cape kachiwiri mu 1806 sanawachotse. Sungani m'mutu miyezi 6 imeneyo, tikumana nayonso kutsogolo.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandibaya mtima. Akapolo oyamba ochuluka anafika ku Cape mu 1658, ndipo malamulo a ukapolo kuno ankatsamira pa malamulo a Aroma omwewo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ambiri mwa akapolo obwera kuno ankachokera ku Mozambique. Ankawatchula onse pamodzi kuti Mozbiekers, koma pakati pawo panali Amakua, Ayao, Asena ndi Amaravi, anthu ogwidwa kumtunda ndi kuyendetsedwa mpaka kugombe. Pa 27 Disembala 1794 chombo cha Apwitikizi chotchedwa São José, chochokera pachilumba cha Mozambique ndi akapolo oposa 500, chinasweka pamiyala ya ku Clifton. Oposa 200 anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa konkuno. Ukapolo unathetsedwa pa 1 Disembala 1834, ngakhale omasulidwawo anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa ambuye awo mpaka 1838. Tsono lamulo la chilema chobisika litayamba kufika ku Cape, anthu a chilankhulo chathu sanali ogula kapena ogulitsa. Anali mbali ya katundu. Lero mdzukulu wa anthu omwewo waima pa Main Road ndi makiyi m'manja, akufunsa za ufulu wake monga wogula.

Ogulitsa nawonso sanagone. Anapeza mawu amodzi otsekera chitseko chimene Aroma anatsegula: voetstoots. Mawu achidatchiwa amanena za kukankha chinthu ndi phazi, kutanthauza kuti tenga monga chililimu, ine ndasamba m'manja. Akalembedwa m'pangano, wogula ankataya ufulu wobweza katundu. Khoti lalikulu la apilo, pamlandu wa Van der Merwe ndi Meades umene chigamulo chake chinasindikizidwa mu 1991, linatsimikiza kuti wofuna kugwetsa voetstoots ayenera kuonetsa zinthu ziwiri: kuti wogulitsa ankadziwa za chilemacho, ndiponso kuti anachibisa dala pofuna kunyenga. Kulowa m'mtima mwa munthu ndi kutulutsamo umboni si ntchito yamasewera. Kwa zaka zambiri magalimoto oyendapo kale ankagulitsidwa pansi pa mawu amenewa, ndipo wogula akangotuluka pageti, zonse zinali zake.

Kwathu kumudzi zinali zosiyana. Munthu akagula mbuzi, mawa lake n'kupezeka kuti inali yodwala, sankafuna pepala. Wogulitsa anali wodziwika, makolo ake odziwika, panali mboni, panali nyakwawa, ndipo mlandu suola. Chitsimikizo cha malonda chinali ubale ndi manyazi. Matchona athu atafika m'mizinda ya eni, kudzera ku Wenela ndi ku Theba kapena paokha, anapeza msika wa anthu osadziwana, kumene manyazi sagwira ntchito ndipo chimene chimalankhula ndi siginecha.

Mphepo yozizira ilowa m'galimoto

Makina oziziritsa mpweya amakono anayamba ndi Willis Carrier mu 1902, pafakitale yosindikiza mabuku ku Brooklyn. Kampani ya Packard ndiyo inayamba kuwaika m'galimoto mu 1939. Anali aakulu, ankadya malo ambiri kubuti, ndipo pofuna kuwazimitsiratu munthu ankayenera kutsegula boneti ndi kuchotsa lamba. Mu 1954 kampani ya Nash inatulutsa makina aang'ono okhala kutsogolo, oyendetsedwa ndi mabatani apadashibodi, ofanana ndi amene tikuwadziwa lero. Pofika 1969 magalimoto atsopano oposa theka ku America ankatuluka ndi eyakoni.

Kuno ku Africa inachedwa. Achikulire a m'bwalo lino akukumbuka kuti galimoto yoyenda magalasi otseka m'mwezi wa Okutobala inali ya nduna kapena ya bwana wamkulu wa kampani. Ngakhale ku South Africa, magalimoto otchipa amene anadzaza misewu, monga Citi Golf imene inapangidwa kuyambira 1984 mpaka 2009 ndi Toyota Tazz, ambiri ankatuluka opanda eyakoni, ndipo woifuna ankawonjezera ndalama. Ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique chimene chinasintha zinthu ndi magalimoto oyendapo kale ochokera ku Japan, olowera ku Durban, ku Dar es Salaam ndi ku Beira. Anafika ndi eyakoni pafupifupi onse, koma opanda waranti ya fakitale. Mbiri imeneyi ili ndi ntchito pamkangano wathu, chifukwa eyakoni inalowa m'maganizo a anthu monga chinthu chamanyado. Dzina limenelo silinaichoke, ndipo wogulitsa amalikumbuka msanga tsiku limene yafa.

Gasi wake nayenso ali ndi mbiri. Woyamba kufala anali R-12, wodziwika kuti Freon, amene Thomas Midgley ndi anzake anatulukira cha m'ma 1930. Atapezeka kuti akuwononga chophimba cha ozone kumwamba, mayiko anasainirana pangano la ku Montreal mu 1987, ndipo m'zaka za m'ma 1990 magalimoto anasamukira ku R-134a. Uyu nayenso anapezeka kuti akuthandiza kutenthetsa dziko. Pangano la ku Kigali la 2016 linalamula kuti gasi wamtunduwu azichepetsedwa, ndipo magalimoto ambiri atsopano akubwera ndi R-1234yf, wokwera mtengo kwambiri ndiponso wofuna zida zakezake. Kusintha kulikonse kunakweza mtengo wokonzera, ndipo mtengo ukakwera mkangano wa wolipira umakula.

Kuti timvetse chifukwa chake eyakoni imabala milandu kuposa ziwalo zina, tione mmene imagwirira ntchito. Gasi amazungulira m'mapaipi otsekeka. Kompulesa, yoyendetsedwa ndi lamba wa injini, imamupanikiza. Kondensa, imene ili kutsogolo kwa radiyeta, imataya kutentha kwake kunja. Kenako amalowa mu evaporator kuseri kwa dashibodi, kumene amayamwa kutentha kwa m'galimoto, n'kubwereranso ku kompulesa. Gasi ameneyu satha ngati petulo. Amachepa pang'onopang'ono pakapita zaka, koma akatha m'miyezi yowerengeka ndiye kuti pali pamene pakudontha. Pamenepa ndi pogona nyerere za mkuyu uja. Munthu akhoza kuthira gasi watsopano m'makina odontha, eyakoni n'kumazizira bwino milungu ingapo, nthawi yokwanira kuti galimoto igulidwe.

Chiwalo chilichonse chili ndi pothawira pake. Kondensa ikaboola, akuti ndi mwala wapamsewu kapena dzimbiri la mphepo yamchere ya kunyanja, zinthu zochokera kunja zimene waranti silipira. Evaporator ikadontha, ntchito yophwasula dashibodi yonse imadya maola ambiri, ndipo mkangano umakhala pa malipiro a amakaniko. Kompulesa ikafa imamwaza tizitsulo m'mapaipi onse, koma pangano likhoza kulipira kompulesa yokha. Gasi weniweniyo amamuika m'gulu la zinthu zotha ndi ntchito, pamodzi ndi mafuta ndi mabuleki.

Mawaranti atatu pa dzina limodzi

Chimene chinasokoneza mwana wa mlongo wanga, monga chimasokonezera ambiri, n'chakuti mawu akuti waranti amanena zinthu zitatu zosiyana.

Yoyamba ndi ya fakitale, lonjezo la wopanga galimoto kwa zaka kapena makilomita akutiakuti. Makampani amapikisana pa manambala amenewa. Mu 2016 kampani ya Hyundai ku South Africa inalengeza waranti ya zaka 7 kapena makilomita 200,000, koma zaka ziwiri zomalizazo zinali za injini ndi ziwalo zopereka mphamvu kumawilo. Umu ndi mmene mawaranti ambiri alili: nambala yaikulu ya pachikwangwani si ya chiwalo chilichonse.

Yachiwiri ndi imene amakugulitsani pogula galimoto yoyendapo kale. Imeneyi kawirikawiri ndi inshuwalansi. Ili ndi mndandanda wa ziwalo, chilichonse ndi malire a ndalama zake, ndipo malirewo amatsika galimoto ikakhala yakale. Mwini wake ndi kampani ina, si wogulitsa galimoto. Madandaulo ake amapita ku ofesi yoona za inshuwalansi, imene kuyambira Malichi 2024 ili pansi pa bungwe la National Financial Ombud Scheme.

Yachitatu ndi imene munthu salipira, ndipo wogulitsa sakonda kuitchula. Ndi ya lamulo la dziko.

Lamulo la 2008 ndi mlandu wa Kwid

Lamulo loteteza ogula la South Africa, Consumer Protection Act, nambala 68 la 2008, linali litayamba kugwira ntchito mokwanira pofika pa 1 Epulo 2011. Gawo 55 limapatsa wogula ufulu wolandira katundu wabwino, wogwira ntchito ndi wopanda chilema. Gawo 56 limati chilema chikaoneka pasanathe miyezi 6, wogula akhoza kubweza katunduyo, ndipo ndi iye amene amasankha pakati pa kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Miyezi 6 ya pamsika wa ku Roma ija inabwereranso. Ngati wogulitsa wakonza koma vuto lomwelo labwerera pasanathe miyezi 3, ayenera kusintha katunduyo kapena kubweza ndalama. Gawo 57 limaika chitsimikizo cha miyezi 3 pa chiwalo chatsopano chimene galaja yaika pamodzi ndi ntchito yoikirayo. Gawo 15 limaletsa galaja kulipiritsa ntchito imene mwini galimoto sanaivomereze. Wochita malonda a magalimoto sangabisalenso kuseri kwa voetstoots. Ngati akufuna kuti chilema china chisamukhudze, ayenera kuchitchula momveka bwino, wogula n'kuvomera. Lamuloli silifunsa kuti wogula ndi nzika ya dziko liti.

Panakhazikitsidwanso njira yodandaulira. Bungwe la Motor Industry Ombudsman of South Africa, limene linayamba mu 2000, linavomerezedwa ndi boma kuti kuyambira 2015 likhale mkhalapakati wa milandu ya magalimoto, ndipo wogula salipira kanthu pokadandaula. Pamwamba pake pali National Consumer Commission ndi National Consumer Tribunal. Chigawo cha Western Cape chili ndi ofesi yakeyake yoteteza ogula. Palinso makhoti a milandu ya ndalama zochepa, kumene munthu amadziyankhulira yekha popanda loya, amene malire awo anakwezedwa kufika R20,000 mu 2019.

Anthu ambiri anasangalala, ena n'kumaganiza kuti tsopano kavuto kalikonse kadzabweza galimoto. Mlandu wa Motus Corporation unawadzutsa kutulo. Mu Disembala 2017 mayi wina anagula Renault Kwid yatsopano. Patangopita masiku ochepa anadandaula za kaphokoso kogogoda ndiponso kuti eyakoni nthawi zina sinkagwira bwino. M'miyezi yotsatira anawonjezera za mabuleki, magalasi ogwedera ndi Bluetooth yosamveka bwino. Galimoto inalowa m'galaja kangapo. Mayiyo anatopa, anapita kukhoti lalikulu la ku Pretoria, ndipo linalamula kuti abwezeredwe ndalama zoposa R250,000. Kampani inachita apilo. Mu Epulo 2021 khoti lalikulu la apilo ku Bloemfontein linagwetsa chigamulocho. Linanena kuti si vuto lililonse limene lamulo limalitcha chilema. Liyenera kukhala lalikulu moti katunduyo watsika pa zimene anthu angayembekezere mwanzeru, kapena wachepa ntchito kapena chitetezo chake. Bluetooth, khotilo linati, ndi chowonjezera chabe, galimoto imayenda popanda icho. Linaonanso kuti zina mwa zodandaulazo zinakonzedwa, ndipo panalibe umboni wokwanira woti zinabwerera m'nthawi imene lamulo limanena. Linawonjeza kuti ngakhale pobweza ndalama, wogulitsa ali ndi ufulu wochotsapo za nthawi imene galimoto yagwiritsidwa ntchito.

Taonani mmene mkangano wasunthira m'zaka zonsezi. Pansi pa voetstoots funso linali lakuti, kodi wogulitsa ankadziwa? Pansi pa lamulo latsopano funso ndi lakuti, kodi ili ndi vuto chabe kapena ndi chilema? Eyakoni yaima pamalire penipeni. Wogulitsa amati ndi chowonjezera, popeza injini ikulira ndipo mawilo akuzungulira. Ine ndikuti mbiri yaipitirira mfundo imeneyo. Galimoto imene inatsatsidwa kuti ili ndi eyakoni, mtengo wake unawerengera eyakoniyo. Kwa dalaivala wonyamula anthu ndi chida cha ntchito, monga khasu kwa mlimi. Ndiponso amene anayendetsapo galimoto mumsewu wa M3 m'mwezi wa Julayi, mvula ya ku Newlands ikukhuthuka, akudziwa kuti chimene chimachotsa msanga nthunzi pagalasi lakutsogolo ndi eyakoni. Pamenepo nkhani ndi ya kuona njira. Komabe chigamulo cha Motus chimatichenjeza kuti kupempha kukonzeredwa eyakoni ndi njira yoyendeka, pamene kupempha kubweza galimoto yonse chifukwa cha eyakoni ndi phiri lalitali.

Chaka chomwecho cha 2021 chinabweretsa kusintha kwina kokhudza abale athu ogwira sipanala. Kwa zaka zambiri mwini galimoto yatsopano ankataya waranti akangoipititsa ku galaja yosavomerezedwa ndi fakitale. Kuyambira pa 1 Julayi 2021, ndondomeko za bungwe la Competition Commission zinalola kuti galimoto ya pawaranti ichitidwe sevisi ku galaja yodziimira payokha, ndi kuikidwa ziwalo zosachokera kufakitale, waranti yonse osafa. Fakitale ikhoza kukana chiwalo chokhacho chimene chawonongeka chifukwa cha ntchito ya galajayo. Koma galajayo iyenera kulemba ntchito yake m'buku la galimoto. Makaniko wa pansi pa mtengo, kaya luso lake ndi lotani, akapanda kupereka lisiti amasiya kasitomala wake pambalambanda.

Kwathu nako

Owerenga a mayiko ena asaganize kuti izi n'za ku Joni kokha. Zimbabwe inatengera malamulo achidatchi omwewa, ndipo mawu a voetstoots ndi odziwika ku Harare ndi ku Bulawayo. Lamulo lawo loteteza ogula ndi la 2019. Malawi ndi Zambia anatengera malamulo a Angerezi a kagulitsidwe ka katundu, ochokera ku lamulo la ku England la 1893. Malawi anakhazikitsa lamulo loteteza ogula mu 2003, ndipo madandaulo amapita ku Competition and Fair Trading Commission, imene inalandira mphamvu zowonjezera ndi lamulo latsopano la 2024. Bungwe la CAMA lakhala likulankhulira ogula kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Zambia ili ndi lamulo nambala 24 la 2010 ndi bungwe la CCPC. Mozambique ili ndi lamulo la 2009. Mapepala alipo ponseponse. Koma galimoto yoitanitsidwa pa intaneti kuchokera ku Japan, imene wogulitsa wake ali kutsidya kwa nyanja, ikafika ku Songwe kapena ku Mwanza eyakoni itafa, mwini wake alibe chitseko chapafupi choti agogode.

Pali dzenje lina limene timadzikumbira tokha. Lamulo la 2008 limagwira wogulitsa amene malondawo ndi ntchito yake. Siligwira munthu wamba amene wagulitsa galimoto yake kamodzi. Ife timakonda kugulana tokhatokha, pa Facebook, patchalitchi, pamsonkhano wa bungwe la maliro, poti ndi wakwathu sangandipusitse. Malonda otere amabwerera ku malamulo akale achidatchi, ndipo mawu a voetstoots akalembedwa amagwira ntchito monga kale. Tasiya nyakwawa kumudzi, lamulo la eni dziko talilambalala, tatsala pakati opanda chotiphimba. Maubale ambiri a matchona aphwasuka chifukwa cha galimoto.

Mmene inathera nkhani ya mnyamata uja ndi motere. Tinapita kwa makaniko wina wakwathu amene ali ndi galaja yolembetsedwa. Tinamupempha kuti ayang'ane kokha, asakonze kanthu, chifukwa dzanja lachilendo likalowa m'makina wogulitsa amapeza pothawira. Anapeza kuti kondensa inalibe bala la mwala, inali yodyeka ndi dzimbiri lakalekale, ndipo analemba zimenezo pa pepala la galaja yake. Tinasiya kulimbana ndi eni inshuwalansi, popeza pangano lawo linalidi lopanda kondensa. Tinalembera wogulitsa kalata yotchula tsiku logula, tsiku limene vuto linaoneka, chithunzi cha malonda awo chonena kuti galimoto ili ndi eyakoni, ndi gawo 56. Tinapempha kukonzeredwa, ndipo tinanena kuti akakana tipita kwa mkhalapakati. Anazengereza milungu iwiri, kenako anaitana galimoto n'kuika kondensa yatsopano, osavomera kulakwa kulikonse. Ndalama za masiku amene galimoto inaima sizinabwerere, ndipo teremu imeneyo fizi ya ku Ntcheu inachedwa.

Pobwerera tinadutsa pa Church Street. Mnyamata anandiuza kuti poyamba ankaopa kulemba kalata, poganiza kuti mlendo akadandaula amaitana mavuto. Mantha amenewo ndimawadziwa, ndipo m'dziko lino ali ndi chifukwa chake. Ndinamukumbutsa za Clements Kadalie wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, amene anafika mumzinda womwe uno mu 1918 ali mlendo, ndipo mu Januwale 1919 anayambitsa bungwe la antchito la ICU pakati pa onyamula katundu padoko. Zida zake zinali msonkhano ndi cholembera. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kwa amene mukufuna kugula galimoto kuno, funsani kuti waranti imene akukupatsani ndi iti mwa zitatu zija. Yatsani eyakoni musanasaine, funsani tsiku limene inathiridwa gasi komaliza, ndipo yankholo lilembedwe. Vuto likaoneka, lidziwitseni mwa kalata tsiku lomwelo, miyezi 6 isanathe. Sungani lisiti iliyonse. Ndipo inu akuluakulu amene munagwira ntchito m'magalaja a ku Ndirande, ku Kamwala kapena ku Mbare, tiuzeni mmene milandu yotere inkathera m'masiku anu, tisanayambe kudalira mapepala.